Sukulu ya ku Mlangeni ndi Sabata lake

Amene mwayendapo pa msewu wa M1 kuchoka pa boma la Ntcheu kulowera ku Dedza mukudziwa pa Mlangeni, pomwe msewu womwewo ndiwo malire: mbali ino Malawi, tsidya linalo Mozambique. M'dera limeneli ndimo muli Lakeview, nthambi ya Malawi Adventist University.

Ntcheu ndi boma lodziwa mamishoni. Ansembe a Montfort anakhazikitsa Nzama mu 1901, ndipo maina ngati Gowa, Dombole ndi Mlanda anthu amawatchula ngati maina a agogo awo. A Seventh-day Adventist anayambira kutali, ku Malamulo m'boma la Thyolo, mu 1902, pomwe Thomas Branch, munthu wakuda wochokera ku America, anatsogolera ntchitoyo. Lakeview poyamba inali seminale yosula abusa. Itayamba kupereka madigiri, inatsamira pa yunivesite ya mpingowu ya Baraton, ku Kenya.

Lero m'makalasi muli ophunzira zamalonda, zauphunzitsi ndi zaulimi, pambali pa zaubusa. Si onse opembedza Loweruka. Ambiri abwera chifukwa anakhoza bwino MSCE koma malo m'mayunivesite a boma anachepa, ndipo makolo anagulitsa mbatata ya kachewere kapena ng'ombe kuti mwana asakhale pakhomo. Mwana woteroyo akafika amapeza kuti dzuwa likalowa Lachisanu mabuku a m'kalasi atsekedwa mpaka litalowanso Loweruka, ndipo mowa ndi fodya n'zoletsedwa. Ena amadandaula. Ife tikuti pamenepa sukuluyi isagwedezeke, pakuti ndiye chimene imasiyanira ndi zinzake, ndipo palibe amene anabisiridwa polembetsa.

Nkhawa yathu ili pa ndalama. Koleji ya mpingo imadalira fizi, ndipo yodalira fizi imakopeka kulemba ophunzira ochuluka kuposa aphunzitsi, mabuku ndi mabedi omwe ili nawo. Bungwe la boma loona za maphunziro apamwamba la NCHE limayendera masukulu otere n'kuona ngati akuyenera, koma limabwera n'kupita. Amene amakhalapo tsiku ndi tsiku ndi mpingo, ndipo kholo likamapereka ndalama zake limakhulupirira dzina la mpingowo kuposa chikalata cha boma.

Funso linanso ndi la anthu oyandikana nayo. Koleji yophunzitsa zaulimiyi ili pafupi ndi Lizulu, komwe tomato ndi kabichi zimaola pamsika zikasowa ogula. Tikufuna kumva kuti ophunzira a ku Lakeview akukhala pansi ndi alimi amenewa m'madimba mwawo.