MANKHWALA A FODYA SI A NDIWO AI

Abale a ku Bowe ndi a m'mapiri onse a Dowa ndi Ntchisi, pali mkhalidwe woipa umene wamera pakati pathu, ndipo suyenera kuonereredwa. Mvula yoyamba ikagwa, tizikumbu tonyezimira, tina tofiirira, tina takuda, timabuka m'minda ndi kuboola masamba a nyemba ndi khobwe. Mwini munda poona khwanya wace wasanduka sefa, amatenga mankhwala otsala ku fodya, nathira osayesa muyeso. M'mawa mwace mai athyola ndiwo, zina za ana, zina za ku msika wa Mponela. Kodi kumeneko ndiko kusamala mbeu? Iai, kumeneko ndiko kudyetsa anthu ululu. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere: tsamba lobooka silinaphepo munthu, koma tsamba losalala lonunkha mankhwala lidwalitsa banja.

Ena adzati, Nanga tileke tizirombo titithere ndiwo? Tamverani makhalidwe ace a mdaniyo. Anzeru amucha Ootheca. Sacokera kutali ai. Abadwira m'munda mwanu momwemo. Wamkazi aikira mazira m'nthaka pa tsinde la nyemba, mphutsi zace zidya mizu, ndipo zitasanduka tizikumbu zigona pansi cirimwe conse kulindira mvula. Cifukwa cace iye wobzala nyemba pamodzimodzi caka ndi caka aweta yekha mbala yace. Mankhwala apha za pamasamba zokha. Za m'nthaka zitsala, ndipo njuci zimafera zosazidziwa.

Tsono ncito yeniyeni ndi iyi. Munda umene unagwidwa upumule caka cathunthu wopanda nyemba, khobwe kapena soya. Bzalanimo cimanga cokha kapena mbatata. Mutakolola, galauzani nthaka kuti dzuwa ndi nkhuku zithe zogonazo. M'dimba laling'ono lawirani m'mamawa tizikumbu tisanacangamuke, gwedezani mbeu pamwamba pa mbale ya madzi a sopo, pakuti tikakhudzidwa timadzigwetsa tokha. Tikacuruka, sinjani masamba a mthuthu, muwabviike usiku wonse, musefe, muwaze madzulo. Koma nawonso ndi ululu: lindani masiku angapo musanathyole, tsukani ndiwo bwino, ndipo otsala musawataye mu mtsinje, pakuti apha nsomba.

Ngati mankhwala a m'sitolo afunikadi, funsani mlangizi, mugule olembedwa kuti ndi a ndiwo, musunge masiku olindira amene alembedwa pa botolo. Lamulo la mankhwala otere Boma linaika m'caka ca 2000, ndipo a m'botolo lopanda dzina ogulitsidwa pansi pa mtengo lamulolo siliwadziwa.

Inu azimai ogula ndiwo, lekani kunyoza masamba obooka, pakuti kunyoza kwanuko ndiko kukakamiza wolima kuthira ululu. Ndipo inu azibambo, botolo la fodya likhale ku fodya. Mwana wanu adya cimene mwawaza inu.