Tisasamuke Mvula Ili Kugwa: Za Windows 11 ndi Kaundula wa Pafamu

Ambiri mwa ife amene tili ndi laputopu takhala tikuona uthenga umodzimodzi nthawi zonse tikaiyatsa, wotiuza kuti tichoke pa Windows 10 ndi kupita pa Windows 11. Uthengawu ndi woona. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10, imene inatuluka mu Julaye 2015, ndipo tsopano ikufuna aliyense akhale pa Windows 11, imene inatuluka pa 5 Okutobala 2021. Ophunzira pano pa Garneton, ngakhalenso anzathu amene anamaliza maphunziro ndipo akulima kwawo, akufunsa ngati adine batanilo lero kapena angolisiya. Maganizo athu ndi akuti tisamuke ndithu, koma pa nyengo yake, titayamba tasunga bwino kaundula wathu, ndiponso osakhudza ndalama za feteleza.

Tiyambe ndi iwo amene akuti kompyuta yawo ikugwira bwino ntchito, choncho palibe chifukwa choivutitsira. N'zoona kuti Windows 10 sidzazima yokha. Idzapitiriza kuyaka ndi kutsegula mafayilo monga kale. Chimene chaleka ndi zigamba zimene Microsoft inkatumiza mwezi ndi mwezi pofuna kutseka mipata yolowera akuba a pa intaneti. Mpata uliwonse umene upezeke tsopano udzakhala wosatseka. Mu Meyi 2017 vairasi yotchedwa WannaCry inagwira makompyuta m'maiko oposa 150, n'kuimitsa ntchito ngakhale m'zipatala za ku Britain, pamene chigamba chake chinali chitatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho. Amene anavulala ndi amene sanachiike. Nkhuku yosalandira katemera wa chitopa nayonso imaoneka yathanzi kufikira tsiku limene matendawo alowa m'khola. Ngati pa laputopu yomweyo timatsegulirapo imelo, akaunti ya kubanki kapena za msonkho za ZRA, kukhala pa Windows yosasamalidwa ndi kugona chitseko chili chotsegula.

Komabe kuthamanga sikufika. Mu Okutobala 2018 Microsoft inatulutsa Windows 10 yokonzedwanso imene inafafaniza mafayilo a anthu ena, ndipo patangopita masiku owerengeka kampaniyo inaiimitsa kuti ikonze cholakwikacho. Amene anali patsogolo pa mzere ndi amene analira. Alimi sitifunika kuphunzitsidwa zambiri pa nkhaniyi. Mbewu yatsopano ya chimanga isanafike m'sitolo imayesedwa kaye ndi bungwe la boma loona za mbewu ku Chilanga, komabe mlimi wanzeru amaibzala pa kachigawo kochepa chaka choyamba, kuti aone mmene ikuchitira m'dothi lake. Pulogalamu yoyendetsa kompyuta nayo imafuna mtima womwewo.

Chuma chenicheni chimene chili m'laputopu ya mlimi ndi kaundula: matumba a chakudya cha nkhuku amene analowa, anapiye amene anafa sabata iliyonse, masiku a katemera wa Gumboro, mabokosi a tomato amene anapita ku Chisokone ndi mtengo wake, maina a amene anatenga mazira pa ngongole. Laputopu ikafa, ina imagulidwa. Kaundula wa zaka zitatu akatayika, palibe sitolo imene ingatigulitse wina, ndipo tsiku limene tikapemphe ngongole kapena kufuna kudziwa ngati nkhuku zikutipindulira tidzakhala tilibe pogwira. Choncho ntchito yoyamba ndi kukopera mafayilo onse pa malo awiri, monga pa fulashi ndi pa imelo, kenaka kutsegula zokoperazo pa kompyuta ina kuti titsimikize kuti zikuwerengeka. Masamba ofunika kwambiri, makamaka a ngongole, tiwasindikize papepala. Mawu achinsinsi olowera mu imelo ndi m'maakaunti ena tiwalembe m'kabuku kosungidwa pamalo obisika kunyumba.

Chachiwiri ndi nyengo. Windows 11 ndi katundu wolemera. Kuikoka pa intaneti kumadya magigabaiti angapo, ndipo kuiika kungatenge maola. Pa nthawi imeneyi kompyuta siyenera kuzima. Tonse tikukumbukira chilala cha 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo ZESCO inkazimitsa magetsi pafupifupi tsiku lonse. Malaputopu ambiri a kaunjika amene timagula m'tauni ya Kitwe ali ndi mabatire otopa, osatha kupirira ngakhale ola limodzi. Magetsi akathima ntchito ili pakati, kompyuta ikhoza kukana kuyakanso. Pamwamba pa izi, kuyambira Novembala mpaka Febuluwale maganizo ndi ndalama za mlimi zili pa kubzala, kupalira ndi kuthira feteleza. Imeneyo si nthawi yokhala masiku atatu tikulimbana ndi pulinta imene yaleka kumvana ndi kompyuta. Nthawi yabwino ndi pamene takolola, mu Juni kapena Julaye. Kwa oweta nkhuku za nyama, ndi masiku amene khola lili lopanda kanthu, gulu lina litagulitsidwa ndipo anapiye atsopano asanabwere.

Wina afunsa kuti, nanga podikira nyengoyo tikhala opanda chitetezo? Microsoft inasiya kanjira. Pali dongosolo lotchedwa Extended Security Updates, limene likupitiriza kutumiza zigamba za Windows 10 kufikira pa 13 Okutobala 2026. Munthu amalowamo polipira madola 30 a ku America, kapena kwaulere ngati alumikiza kompyuta yake ku akaunti ya Microsoft ndi kulola kuti makonzedwe ake azisungidwa kumeneko. Chaka chimenechi n'chokwanira kuti tikolole, tiwerengere ndalama, ndi kusamuka modekha. Tikasamuka, Windows imatipatsa masiku 10 oti tibwerere ku yakale ngati zinthu sizikuyenda. Masiku amenewo tiwagwiritse ntchito poyesa chilichonse: pulinta, mafayilo a Excel, ndi intaneti yochokera pa foni.

Pali nkhani ina yowawa. Si kompyuta iliyonse imene ingalandire Windows 11. Imafuna RAM yosachepera magigabaiti 4, malo osungira a magigabaiti 64, kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kapena ina yofanana nayo. Izi zikutanthauza kuti makompyuta ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018 atsala kunja, ngakhale ali amphamvu ndithu. Kapulogalamu kaulere ka PC Health Check kamanena m'mphindi zochepa ngati kompyuta ili yoyenera. Ikakhala yoyenera, ndipo Windows 10 yake ndi yovomerezeka, kusamukako n'kwaulere. Wokonza makompyuta angatilipiritse ntchito ya manja ake, osati Windows 11 yeniyeniyo.

Ikakhala yosayenera, tisafulumire kukatenga ngongole. Matumba a feteleza amene tingasiye kugula chifukwa cha laputopu yatsopano adzaonekera m'nkhokwe mwezi wa Meyi. Ena adzatiuza kuti akhoza kuikakamiza Windows 11 pa kompyuta yakale. N'zotheka, koma Microsoft inanena poyera kuti kompyuta yotero ilibe chitsimikizo cholandira zigamba, choncho tingalipire ndalama n'kubwerera pomwe tinali. Windows yobedwa ndiyo yoipiratu, pakuti nthawi zambiri imabwera itasenza mavairasi; chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Njira zoongoka zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuika Linux Mint, imene ndi yaulere, imayenda bwino pa makompyuta akale, ndipo imabwera ndi LibreOffice yotha kutsegula mafayilo a Word ndi Excel. Imafuna sabata zingapo kuti manja azolowere. Yachiwiri ndi kuichotsa laputopuyo pa intaneti kotheratu kuti ikhale buku la kaundula chabe, za kubanki ndi za imelo tizichitira pa foni, ndipo tisamalowetsemo fulashi ya munthu aliyense.

Chenjezo lomaliza likukhudza akaunti. Poika Windows 11 mwatsopano, kompyuta imapempha akaunti ya Microsoft, ndipo pa makompyuta ambiri imatseka mafayilo onse ndi kiyi yachinsinsi imene imasungidwa mu akauntiyo. Wokonza akagwiritsa ntchito akaunti yake pofuna kumaliza msanga, kiyi ya kaundula wathu yapita naye. Tsiku limene kompyuta idzaipemphe, mafayilo adzakhala ali momwemo koma osatseguka. Choncho tikhalepo ntchito ikamachitika, akaunti ikhale ya dzina lathu, ndipo tifunse chilichonse chimene sitikuchimvetsa. Safunsa anadya phula.

Kwa anzathu amene ali m'makopaletivu, tikupempha kuti muyambe ndi kompyuta imodzi, osati ya msungichuma. Ikayenda bwino mwezi wathunthu, zina zitsatire. Ndipo kaya tisankha Windows 11, kaya Linux Mint, kaya kudikira mpaka tikolole, pali ntchito imodzi yosafunika kudikira nyengo: sabata ino isanathe, aliyense akopere kaundula wake pa fulashi.