Zikalata za Zida Zochenjezera Ngozi: Chifukwa Chake Boma Limazifuna

Pamene Namondwe Freddy anakantha chigawo cha kummwera m'mwezi wa March 2023, anthu oposa 600 anamwalira, ena oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala. Ku Chilobwe, matope otsika m'phiri la Soche anapeza mabanja ambiri ali m'nyumba. Chichitikireni ngoziyi, makhonsolo, mabungwe ndi makomiti a m'midzi oona za ngozi akhala akufunafuna zida zochenjezera anthu: masayirini, zimkuzamawu, mawayilesi olumikizirana ndi makina oyeza kukwera kwa madzi m'mitsinje. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la Disaster Risk Management Act, lolowa m'malo mwa la 1991, ndipo bungwe la United Nations lili ndi cholinga choti pofika kumapeto kwa 2027 munthu aliyense padziko azilandira chenjezo nthawi isanathe.

Msika wa zidazi ukukula, ndipo opanga ndi oitanitsa ena amadandaula kuti zikalata zimene boma limafuna n'zambiri ndipo zimachedwetsa malonda. Dandauloli n'lomveka, koma mpofunika kuona ntchito ya chikalata chilichonse.

Choyamba n'chakuti wogulitsa adziwike. Bizinesi imalembetsedwa ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi ndi kutenga nambala ya msonkho ku Malawi Revenue Authority. Amene akufuna kugulitsa katundu ku boma amalembetsanso ku Public Procurement and Disposal of Assets Authority. Chida chikafa patangotha miyezi itatu, mapepalawa ndi amene amasonyeza khomo loti ogula akagogode.

Chachiwiri ndi ubwino wa katunduyo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, limayeza katundu wopangidwa m'dziko muno ndi kuunika wolowa m'zipata monga Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe. Katundu amene ali pansi pa muyezo wokakamiza saloledwa pamsika popanda chiphaso chake.

Chachitatu chikukhudza mauthenga. Chida chotumiza uthenga pa mafunde a wayilesi, kapena cholumikizidwa ku netiweki ya foni, chimayenera kuvomerezedwa ndi Malawi Communications Regulatory Authority motsatira lamulo la Communications Act la 2016. Makina oikidwa kumtunda kwa mtsinje wa Ruo kuti achenjeze anthu a ku Nsanje alibe phindu ngati uthenga wake ukusokonezana ndi wa ena, kapena ngati iwowo akusokoneza mawayilesi a apolisi ndi a zipatala pa tsiku la ngozi.

Chimene chimasiyanitsa zidazi ndi katundu wina n'chakuti wogula sangadziwe kuipa kwake pogula. Khasu losalimba limadziwika tsiku loyamba kumunda. Sayirini imatha kukhala pamtengo chaka chathunthu osafunika, n'kudzakanika usiku umodzi wokhawo umene inagulidwira. Choopsa china n'chakuti mudzi ukakhala ndi sayirini, anthu amaleka kulondera mtsinje. Amagona podalira kuti idzawadzutsa. Motero chida chosalira chimaika anthu pangozi kuposa kusakhala nacho.

Zolembedwa pa katoni nazo zimatha kusocheretsa. Phokoso limachepa ndi ma decibel pafupifupi 6 mtunda ukawirikiza kawiri. Sayirini yolembedwa kuti imafika ma decibel 120 pa mita imodzi imatsala ndi pafupifupi 60 pa kilomita imodzi, phokoso lofanana ndi la anthu akucheza pakhonde. Mvula ikamagunda pa malata, banja logona silingaimve. Lipoti la kumalo oyezera katundu limanena mtunda umene phokosolo linayezedwera, ndipo limatsimikiza zilembo monga IP65, zosonyeza kuti fumbi silingalowe komanso kuti chidacho chimapirira madzi othiridwa mwamphamvu. Nkhani ya magetsi ndi chimodzimodzi. Mu January 2022 Namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi ma megawati 130. Ngozi imafika magetsi atathima, choncho pepala la chidacho liyenera kunena maola amene batire lake limakhala, ndi ngati limatchajidwa ndi sola.

Komabe zikalata zili ndi mtengo wake. Mmisiri wa ku Ndirande kapena wophunzira wa pa sukulu ya ukachenjede amene wapanga makina oyeza madzi otsika mtengo amalipira ndi kudikira m'maofesi angapo, pamene kampani yaikulu yakunja imafika ndi ziphaso zake kale. Ndondomeko ikatalika kwambiri, dzinja limafika zida zisanaikidwe, ndipo amalonda ena amasankha njira zozembetsa. Pamenepo chitetezo chimene malamulo amafuna chimatayika. Chofunika si kuchotsa kuyeza ayi, koma kuti mndandanda wa zofunika ndi malipiro ake uzidziwika poyera, maofesi azigawana uthenga, ndipo opanga ang'onoang'ono azithandizidwa kufika pa muyezo, pakuti iwowa ndi amene ali pafupi kukonza chida chikaonongeka.

Chiphaso chimangonena mmene chida chinalili tsiku loyezedwa. Sichiletsa batire kutha mphamvu, mchenga kukwirira makina a mumtsinje, kapena akuba kuzula sola. N'chifukwa chake makomiti a m'midzi akulimbikitsidwa kuyesa zida zawo mvula isanayambe mu November, mogwirizana ndi khonsolo, ndi kusunga njira zakale monga ng'oma, mawezulo ndi amithenga a kwa amfumu. Sayirini imangodzutsa anthu. Zoyenera kuchita zimachokera ku uthenga wa nthambi yoona za nyengo ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kalabu ya alimi, komiti ya msika kapena wamalonda aliyense wogula chida chochenjezera ali ndi ufulu wofunsa chiphaso, lipoti la kuyezedwa kwake, kalata ya chitsimikizo chokonza kapena kubweza, ndiponso kumene zipangizo zosinthira zimapezeka. Wogulitsidwa katundu wachinyengo angathe kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission. Wogulitsa amene akukana kuonetsa mapepalawa asapatsidwe ndalama za mudzi.