Maganizo a Mkonzi: Maliro Opanda Nyimbo

Munthu akadzipha, pasiwa pamakhala zii. Mipingo ina imakana kuyimba ngakhale kulalikira, ndipo odzakhuza maliro amangonong'onezana kuseri kwa nyumba: kodi ndi ngongole ya banki m'khonde, kapena ndi mkazi uja? Namfedwa amazimva zonsezi. Pakangopita masiku ochepa, anansi amene pa maliro ena amabwera ndi ufa ndi nkhuni amayamba kulambalala khomo lake.

Otsalawa amasenza funso limene woliyankha ali kumanda: ndinalephera kuona chiyani? Mayi amakumbukira foni imene sanayankhe. Mnzake wapabawo amakumbukira nthabwala ija, imene lero akuona kuti sinali nthabwala konse.

Lamulo nalo linawonjezera manyazi. Gawo 229 la Penal Code linaika kuyesa kudzipha kukhala mlandu, n'chifukwa chake mabanja ambiri amangobisa.  Abusa ndi mafumu aleke kulanga mtembo, poti amene amamva ululu wake ndi ana amasiye.

Uphungu ulipo ku St John of God, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Achibale awaperekeze ofedwawo kumeneko, asangowalozera njira.