ZA UMOYO WA BANJA: Mimba ndi Zimene Tiipatsa

Mwezi uno tifuna kuceza nanu za mimba. Mvula yagwa, mango apsya, nchenche zacuruka, ndipo poyenda ife m'midzi timva madandaulo amodzimodzi khomo ndi khomo: uyu atsegula m'mimba, uyo wadzimbidwa, wina cilungulira camsowetsa tulo. Ambiri afulumira kuloza cala mnansi wao, nati, Wandidyetsa. Koma tikafunsitsa, kawiri kawiri tipeza kuti nthendayo inalowa ndi madzi a mumtsuko, kapena ndi dzanja losasamba.

Tiyambe ndi kutsegula m'mimba, pakuti ndiko kutilanda ana. Nthenda iyi idza ndi tizirombo tosaoneka ndi maso, tokhala m'zonyansa za munthu. Mvula ikakokolola zonyansa za kuthengo nizitsira m'citsime, kapena nchenche ikatera pa izo niteranso pansima, tizirombo tafika pakamwa. Kolera nayenso ayenda njira yomweyi. M'zaka za 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno.

Cimene cipha mwana wotsegula ndico kutha kwa madzi m'thupi mwace. Apa pali kulakwa kumene takuona ndi maso athu. Amai ena aleka kumwetsa mwana, poyesa kuti madzi aonjezera kutsegulako. Ena poona liwombo lalowa athamangira mankhwala omata pamutu, osadziwa kuti liwombo lilowa cifukwa thupi lauma. Mwana wotere afuna kumwa. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS m'lita imodzi ya madzi owiritsa amene azizira. Paketi ikasowa, thirani m'lita yomweyo masipuni a tiyi 6 a shuga, osalaza bwino pamwamba, ndi theka la sipuni ya tiyi la mcere. Musapyole muyeso umenewu, pakuti mcere wocuruka uononga mwana. Mumwetseni pang'ono pang'ono. Akasanza, dikirani mphindi 10 ndi kuyambanso. Bere lisaleke, phala lisaleke. Kucipatala adzampatsa zinki wa masiku 10 kufikira 14. Ndipo makanda musawamane katemera wa rota, amene anayamba kuperekedwa kusikelo m'caka ca 2012. Koma mukaona mwazi m'cimbudzi, ndiye kamwazi, kapena cimbudzi conga madzi otsukira mpunga, kapena mwana walefuka nakana kuyamwa, musagone naye m'nyumba. Nyamukani ngakhale ndi usiku.

Kudzimbidwa sitidzacedwapo. Takonda ufa woyera, gaga tipatsa nkhuku ndi nkhumba, pamene gagayo ndiye athandiza matumbo kukankha cakudya. Bwererani ku mgaiwa masiku ena. Bonongwe, nkhwani, cisoso, nyemba ndi papaya zisasowe pakhomo. Imwani madzi okwanira. Agogo amene akhala pamkeka tsiku lonse, ayendeko pang'ono m'mawa ndi madzulo.

Cilungulira ndico madzi owawasa a m'cifu akakwera kummero. Cikonda munthu wosala tsiku lonse kumunda, nadya mitanda yambiri usiku, nagona pomwepo. Cikondanso wa zamafuta, tsabola, fodya ndi mowa. Akulu anati, Ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada. Idyani pang'ono kangapo pa tsiku, ndipo papite maora 2 kapena 3 musanagone.

Tsono za zilonda za m'mimba. Kale ngakhale madokotala anayesa kuti zidza ndi nkhawa ndi zakudya zowawa. Koma m'caka ca 1982, ku Perth m'dziko la Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren anaonetsa kuti m'cifu mukhala kacirombo kochedwa Helicobacter pylori, ndipo kunadziwika kuti ndiko kayambitsa zilonda zambiri. Pa nchito imeneyi analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2005. Uwu ndi uthenga wokondweretsa, pakuti mankhwala a kucipatala, omwa sabata imodzi kapena ziwiri, angathe kupha kacirombo kaja, cilonda nicipola. Zilonda zina zidza ndi kumwa aspirin kapena brufen kawiri kawiri. Kacasu ndi fodya zicedwetsa kupola. Cifukwa cace munthu wakumva moto pa cifu masabata ambiri asakhalire kugula mapiritsi kugolosale. Safunsa anadya phula. Makamaka wosanza mwazi, wocita cimbudzi cakuda ngati makala, woonda popanda cifukwa, kapena amene nsima yayamba kumtsamwa pomeza, apite msanga akampime; pakuti khansa ya kummero njocuruka m'dziko lathu, ndipo kucedwa ndiko kumwalitsa.

Potsiriza tikupemphani zinthu zinai, zosalira ndalama zambiri. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini, ndipo mtsuko ukhale wobvundikira. Khomo liri lonse likhale ndi cimbudzi cace cotseka padzenje. Manja asambidwe ndi sopo kapena phulusa pocokera kucimbudzi ndi posanadye, mothirirana, osati onse m'beseni limodzi, mmene wotsiriza asamba litsiro la anzace. Cakudya cogona citenthetsedwe mpaka cituluke nthunzi. Inu abambo, kukumba cimbudzi ndi nchito yanu, ndipo dzinja lisakupitirireni musanaigwire.