Musanaike Injini Yaikulu M'galimoto Yakale

Mwezi uno tikambirane nkhani imene ena anganene kuti ndi ya amakaniko, osati ya tsamba la zaumoyo. Ife tinaiona ndi maso pakhomo pathu, ndipo kawiri konse panangotsala pang'ono kuti ikathere kuchipatala.

Galimoto yathu ndi Toyota Corolla ya 1991. Inabwera ndi injini yotchedwa 2E, ya 1300 cc, yakabuleta. Yatithandiza zaka zambiri: kupititsa ana kusukulu, kukatenga chimanga kumudzi, ndiponso kuthamangira ndi odwala kuchipatala anansi akagogoda usiku. Chaka chatha inatopa. Inkafuka utsi wabuluu, oilo tinkawonjezera sabata iliyonse, ndipo pachitunda chilichonse njinga zamoto za kabaza zinkatidutsa tikukwawa ndi giya yoyamba.

Alamu athu, amene masipanala amawadziwa ndithu, anati: "Bwanji osangoika ya 1600? Thupi la galimoto ndi lomweli. Masiku awiri a Lamlungu basi, tithana nazo pakhomo pompano." Ankanena za injini ya 4A-FE, imene Toyota ankaika m'ma Corolla ena a zaka zomwezo. Tinavomera. Ntchito ya masiku awiriyo inatenga masabata 7, ndipo tinaphunzirapo chinthu chimodzi chachikulu: ukakuza injini wasintha galimoto yonse, ndipo zimene waiwala kusintha amadzalipira ndi anthu amene akwera kapena amene agona pansi pake.

Injini siyenda yokha

Injini itafika tinazindikira kuti tagula theka la katundu. Giyabokisi yakale sinakwanirane nayo, choncho tinafunanso ina pamodzi ndi mashafuti ake opita kumatayala. Zogwirira injini kuthupi la galimoto nazo zinali zosiyana. Kenako panabwera za magetsi. Injini yakabuleta siifuna zambiri, koma 4A-FE imene tinagula imapopera petulo ndi ma injekita, ndipo imayendetsedwa ndi kompyuta yake, mawaya ake ndi pampu yamagetsi.

Pampu imeneyi ndi yofunika kuiganizira bwino. Imakankha petulo ndi mphamvu yoposa ya mpweya wa m'tayala la galimoto yomweyo. Mapaipi akale a labala, amene anapangidwira kabuleta, sangapirire. Akang'ambika, petulo amawazikira pa ekizosi yotentha, ndipo moto wake subwera pang'onopang'ono. Rediyeta nayonso iyenera kukhala yolingana ndi injini yatsopano komanso yosatsekeka ndi dzimbiri, chifukwa injini yaikulu imatulutsa kutentha kwambiri.

Kwa ife, zowonjezera zonsezi zinadya ndalama pafupifupi zofanana ndi za injiniyo, ndipo fizi ya teremu imeneyo tinalipira mochedwa. Musanapereke ndalama, lembani papepala zonse zofunika ndi mitengo yake, ndipo mufunsenso kuti kukonza injini yakaleyo kungadye zingati. Ngati mwatsimikiza kusintha, gulani injini, giyabokisi, mawaya ndi kompyuta zochokera m'galimoto imodzi.

Kunyamula ndi kulowa pansi

Injini ngati imeneyi ndi giyabokisi yake zimalemera kuposa matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50. Poyamba tinkafuna kuipachika panthambi ya mango amene ali pafupi ndi galaja yathu. Bambo wina woyandikana nafe anatiletsa, natibwereka tcheni buloko ndi miyendo itatu ya mapaipi achitsulo. Anachita bwino. Nthambi siinena kuti yatopa, ndipo mitanda ya denga la galaja inapangidwira malata. Injini ikakhala m'mwamba, pasakhale dzanja kapena phazi pansi pake. Musayesenso kuinyamula ndi anthu anayi pamtengo wopingasa, chifukwa mmodzi akaterereka msana wa wina ndi umene umapweteka, ndipo ululu wa msana ena amakhala nawo moyo wonse.

Pokweza galimoto ndi pamene tinalakwa. Linali Lachisanu masana, tikufulumira kuti pabwalo pakhale pabwino dzuwa lisanalowe. Tinaikweza ndi jeke, n'kuikhazika pa njerwa zosanjikiza. Mwana wathu wa zaka 17 analowa pansi kukamanga ekizosi. Anatuluka kukatenga sipanala ina, ndipo asanabwerere njerwa imodzi inaphwanyika, galimoto n'kugwera mbali yomwe iye anagona. Palibe amene analankhula kwa kanthawi. Amayi ake anangomugwira dzanja n'kulowa naye m'nyumba.

Njerwa ndi mabuloko a simenti zimasweka mwadzidzidzi zikapanikizidwa pamalo amodzi. Jeke ntchito yake ndi kukweza, osati kusunga galimoto m'mwamba. Munthu asanalowe pansi, galimoto ikhale pa masitandi achitsulo, pamalo olimba ndi osapendekeka, matayala otsala pansi atatsekeredwa ndi matabwa. Tayala limene mwachotsa muligoneke pansi pa galimoto kuti likhale chitetezo chachiwiri. Igwedezeni ndi manja muone ngati ikusuntha. Wolowa pansi asakhale yekha pakhomo. Ndipo nthawi ikakutherani, phimbani ndi lona, ntchito idikire. Ife tinkaopa manyazi a bwalo losasesa, n'kuiwala kuopa chinthu chenicheni.

Ziphe za m'galaja

Tsiku loliza injini koyamba aliyense amasangalala, ndipo n'kosavuta kuisiya ikulira m'kati mwa galaja. Utsi wa galimoto uli ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'chipinda chotseka. Ulibe fungo kapena mtundu. Umakakamira ku magazi kuposa mpweya wabwino nthawi zoposa 200, motero thupi limabanika munthu akupumabe. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zimene ambiri angaganize kuti ndi malungo kapena kutopa. Kutsegula chitseko chokha sikokwanira. Kankhirani galimoto panja musanailize. Wina akayamba kumva zizindikirozi, mutulutsireni kumphepo ndipo mupite naye kuchipatala ngakhale atanena kuti wapezako bwino.

Petulo musamukoke ndi pakamwa. Madontho ochepa akalowa m'mapapo amayambitsa chibayo choopsa. Munthu akameza petulo musamusanzitse, chifukwa posanza ndi pamene amalowa m'mapapo; thamangirani naye kuchipatala. Musasambenso m'manja ndi petulo, ndipo mbaula, kandulo ndi moto wophikira zikhale kutali.

Madzi obiriwira kapena ofiira a mu rediyeta amatsekemera, koma amawononga impso. Mwana akawapeza m'botolo la zakumwa sangadziwe kusiyana kwake. Asungeni m'chigubu chawochawo pamalo okwera, ndipo otayikira pansi muwakwirire ndi mchenga n'kuwola, kuopa ana, agalu ndi nkhuku. Chivindikiro cha rediyeta musachitsegule injini ili yotentha. Wina akapsa, thirani madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20. Mafuta, mankhwala otsukira mano ndi dzira zisapakidwe pabala.

Oilo wakuda wochoka mu injini amayabwitsa khungu, ndipo kumugwiragwira kwa nthawi yaitali kumaonjezera chiopsezo cha khansa yapakhungu. Valani magulovesi, sambani ndi sopo, ndipo ovolosi muichape payokha. Musamuthire m'ngalande, m'dimba kapena pafupi ndi chitsime.

Pa batire, yambani kumasula waya wa negetivi musanagwire china chilichonse, ndipo vulani wotchi yachitsulo, chifukwa ikakhudza magetsi imatentha ngati khala. Asidi akalowa m'diso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenako kuchipatala.

Mphamvu yoimira

Galimoto itayamba kuyenda tinasangalala. Zitunda zinasanduka zigwa. Patapita mwezi tinanyamuka ku Blantyre kupita kumaliro ku Chikwawa, anthu asanu ndi katundu kubuti. Amene amaudziwa msewu umenewu akudziwa mtsetse wautali wokhotakhota wotsikira kuchigwa cha Shire. Tisanafike pansi, buleki inayamba kulowa mpaka pansi ngati tikuponda siponji. Alamu anatsitsa giya, kupopa buleki, kukoka handibuleki pang'onopang'ono, mpaka tinaima pambali. Fungo la kupsa linadzaza galimoto yonse.

Injini sinawononge mabuleki. Anali otha kale, koma injini yakale inkatibisira vutolo chifukwa sitinkathamanga ndiponso sitinkadzaza katundu. Masabata 7 onse aja palibe amene anatsegula tayala kuti aone mapadi. Mafuta a buleki nawo anali a zaka zambiri. Mafutawa amayamwa chinyezi, ndipo akatentha pamtsetse wautali madziwo amawira, buleki n'kusiya kugwira. N'chifukwa chake ambiri opanga galimoto amalangiza kuwasintha pakatha zaka ziwiri zilizonse.

Pali masamu ena amene tonse tiyenera kuwadziwa. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene galimoto imayenda mabuleki atagwira umawirikiza kanayi. Kuchoka pa 80 kufika pa 100 kumaoneka ngati kusintha kochepa, koma mtunda woimira umakula ndi theka n'kupitirira. Choncho ndalama za mabuleki, matayala ndi mashoka zikhale zoyamba, injini ibwere pambuyo. Funsani makaniko wodalirika ngati galimoto ya mtundu wanu imene inatuluka kufakitale ndi injini yaikuluyo ili ndi mabuleki osiyana ndi anu, ndipo ngati ndi choncho musinthenso amenewo. Posintha mapadi musapemerere fumbi lake, chifukwa ena akale ali ndi asibesitosi wowononga mapapo; pukutani ndi nsanza yonyowa. Pamtsetse, tsikani ndi giya yomwe mukanakwerera.

Mapepala

Nambala ya injini inalembedwa mu bulubuku. Mukasintha injini, kadziwitseni a Road Traffic kuti mapepala agwirizane ndi zimene zili m'galimoto, apo ayi mudzavutika pa COF, pa lodibuloko, kapena tsiku logulitsa. Pogula, onani nambala pa injiniyo ndi maso anu ndipo mutenge lisiti yolembedwa nambala imeneyo ndi dzina la wogulitsa. Injini yopalidwa nambala isiyeni, ngakhale itatsika mtengo bwanji, chifukwa ikapezeka kuti ndi yobedwa wofunsidwa mudzakhala inu. Auzeninso a inshuwalansi. Kubisa kusintha kotere kungawapatse chifukwa chokanira kulipira pa tsiku la ngozi, ndipo si chilungamo kwa anthu amene timawanyamula.

Kodi tikuti musasinthe injini? Ayi. Kwa mabanja ambiri galimoto yatsopano ndi maloto, ndipo kusamala yakale ndi nzeru. Corolla yathu ikuyenda bwino tsopano, mabuleki ndi matayala zili zatsopano, mapepala ali m'malo. Koma tikanayambiranso tikanayamba ndi masitandi anayi achitsulo, kenako mabuleki, ndipo mwina tikanangokonza injini yakale ija.

Masitandiwo tinawagula sabata yotsatira njerwa itaphwanyika. Ali m'galaja, ndipo aliyense wa m'dera lathu amene akufuna kulowa pansi pa galimoto timamubwereka popanda kulipira. Ngati kwanuko kuli mnyamata amene wayamba kukonda masipanala, mufunseni lero kuti galimoto amaikhazika pa chiyani.