Chala chadinda, koma mayi wamva?

Mayi woyembekezera zikamuvuta pa chipatala cha mishoni cha Nsipe, amamutumiza ku chipatala cha boma ku Ntcheu, komwe kuli fiyeta. Akafika, namwino amabwera ndi pepala lovomereza opaleshoni mayiyo akubuula pa bedi. Mayiyo amasaina, kapena kudinda chala, ndipo nthawi zina cholembera amagwira ndi gadiyani. Kodi apa tinganene kuti mayiyo wavomera?

Lamulo la Gender Equality Act la 2013 likuti pa nkhani za uchembere wachipatala afotokoze zonse zofunika kuti munthu asankhe yekha, kenako atenge chilolezo cholembedwa. Chilolezocho ndi cha mwini thupi, osati cha bambo a kunyumba kapena amalume.

Anamwino nawo ali ndi mfundo, ndipo si yopepuka. Mtima wa mwana ukayamba kugunda mofooka, kapena mayi akamataya magazi, nthawi yokambirana palibe. Mzamba mmodzi amatha kuyang'anira amayi angapo usiku umodzi. Ena amaopanso kuti ukatchula zoopsa zonse za opaleshoni, achibale anyamula wodwala wawo n'kubwerera kumudzi, komwe angataye mayi ndi mwana yemwe.

Zonsezi n'zoona, komabe sizisandutsa chala kukhala kumvetsa. Mu 2014 khoti lalikulu la apilo ku Namibia linaweruza mlandu wa amayi atatu omwe ali ndi HIV amene anawatseka kubereka pa nthawi ya opaleshoni. Mapepala anali osainidwa bwinobwino, koma khoti linapeza kuti amayiwo sanapereke chilolezo chenicheni, poti anasaina ali pa ululu wobereka.

Ine ndikuona kuti cholakwika chachikulu ndi nthawi yomwe timayambira nkhaniyi. Malo ake ndi kusikelo, ku Nsipe komweko, mimba ikadali ya miyezi isanu. Kumeneko mzamba angafotokoze modekha chomwe chimachititsa opaleshoni, kuti jakisoni wa pamsana amachititsa dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika mayi ali maso, ndiponso kuti mimba yotsatira ayenera kukachirira kuchipatala chomwe chili ndi fiyeta. Akatero amufunse mayiyo kuti abwereze m'mawu akeake, chifukwa kwathu kuno "eya, adokotala" nthawi zambiri ndi ulemu chabe. Za kutseketsa nazonso zikambidwe kusikelo komweko, mayi ali ndi mpata wokaganiza kunyumba ndi kudzakana akafuna.